Mchere m'Dzanja la a Rahila

Ku Bua kunalibe dimba la tomato loposa la a Zaidi, chonsecho feteleza sankamudziwa. Ankakwera m'denga la sitolo zomwe amwenye anasiya atasamutsidwira m'tauni, n'kukokolola ndowe za mileme. Akazi awo, a Rahila, ndiwo ankapeta ndowezo palichero ngati mpunga, fumbi lili koboo kumaso. Anthu ankaseka, koma tomatoyo ankagula.

Matenda anabwera mozemba. Thupi la a Zaidi linayamba kutha, khungu linada mpaka m'zikhatho ndi m'nkhama, ndipo munthu wamkulu ndi ndevu zake anayamba kuba mchere m'nyumba mwake momwe, kumanyambita ngati mbuzi. Ena ankati ndi chifuwa chachikulu. Ena analoza chala mwini dimba loyandikana nalo, munthu wosalakwa, amene mpaka lero sapatsidwa moni.

A Zaidi anakwera basi ya ku Lilongwe, khadi la chipani lili m'thumba. Kuchipatala chachikulu anawajambula, n'kupeza chotupa pamwamba pa impso. Anawachita opaleshoni, n'kuchichotsa. Dokotala anati sinali khansa koma chuku, chonga chimene chimagwira chimanga chonyowa. Chukucho chimalowa ndi mpweya, n'kukadya kachiwalo kosunga mchere ndi mphamvu m'thupi.

"Mumapuma fumbi la ndowe za mileme, bambo?" anafunsa dokotalayo.

A Zaidi anavomera.

"Nokha?"

"Ndekha."

Sikunali kunama. M'dengamo ankakweradi okha, ndipo kupeta, monga amuna ambiri, sankakuwerengera kuti ndi ntchito.

Anabwerera kwawo ndi chipsera m'nthiti, mapiritsi omwa moyo wonse, ndi lumbiro loti m'denga sadzakweramonso. Ankayembekeza kupeza dimba litauma. Analipeza lili biriwiri, tomato akuthyola nthambi.

"Manyowa mwawatenga kuti, mayi a Habiba?"

"Komwe munkatenga inu," anayankha a Rahila. "Makwerero aja si a amuna okha. Nanga tikanadya chiyani?"

Anali atakhala pamkeka, akunena kuti masiku ano akaimirira akumachita chizungulire. Chitenje anali atachikulunga kawiri m'chiuno. A Zaidi anachita mantha oposa a tsiku la mpeni lija, pakuti akazi awo, nkhani ili pakamwa, anathira mchere m'dzanja lodera n'kuyamba kunyambita.