Chaka Chochedwa cha ku Gwaun

Kunyumba yosamalira okalamba ya ku Evington, mumzinda wa Leicester, komwe ndinkagwira ntchito kunali madala ena ake amene ankabisa mabisiketi. Ukawapatsa tiyi, tiyiyo ankamwa, koma bisiketi ankaikulunga m'katishu n'kuiponya m'dirowa ya masokosi. Lamulo linali loti chakudya chisagone m'chipinda, ndiye tsiku lina ndinawafunsa kuti akuweta mbewa kapena chiyani.

"Ndi za ana," anatero. "Akubwera pa chaka chatsopano."

Chaka chatsopanocho chinali chitadutsa kale, zokongoletsa tinali titatsitsa. Nditawauza, anandiyang'ana ngati wosokonezeka mutu ndi ineyo. Anati iwo anabadwira m'chigwa cha Gwaun, ku Pembrokeshire m'dziko la Wales. Kalekale boma litasintha kalendala, anthu a m'chigwamo anakana, moti mpaka lero chaka chawo chimalowa pa 13 Januwale. Tsikulo ana amayenda khomo ndi khomo kuimba, eni nyumba n'kumawapatsa zotsekemera, ndipo zimayenera kuchitika dzuwa lisanafike paliwombo. Iwo ali ku Leicester kuno ankawaimbira ndi ana a oyandikana nawo, chifukwa akazi awo ankanyengerera anawo. Akaziwo anali atamwalira, nyumba itagulitsidwa.

"Pakhomo popanda woimba, chaka sichilowa," anatero. "Mwina changa chathera pomwepa."

Mawu amenewo anandiwawa. Masiku amenewo madalawo ankangolawa chakudya pang'ono chabe, thalauza likuchita kugwa. Ndinaziona kale zotere pantchitoyi: munthu akasiya kudikira kanthu, sachedwa.

Bwana wathu anali mayi wabwino koma wamantha. Nditamupempha kuti ana anga adzawaimbire madalawo pa 13 paja, anati alendo salowa m'mawa, komanso ana amabweretsa chimfine. Ndinamuyankha kuti ana anga asamba m'manja mpaka zikhatho ziyere. Anati aganizira. Ineyo ndikagwira chinthu ndine nkhupakupa, ndinkamudikira pakhomo la ofesi tsiku lililonse mpaka anavomera, ndikuganiza kuti chifukwa chotopa nane.

Nkhondo ina inali kunyumba kwanga ku Highfields. Ana anga awiri aakazi anabadwira konkuno, ukawalankhula Chichewa amayankha Chingerezi. Wamkulu anati n'zochititsa manyazi kuimbira munthu wosamudziwa.

"Iwe, sindikukupanga ask," ndinatero. "Mawa tikwera first bus, muimba, kenako ku school."

Mawa lake, pa 13 paja, tinatuluka kukuzizira koopsa, awiriwo atatupa masaya. Nyimbo ya Chiwelishi sitinkaidziwa. M'basimo tinagwirizana kuti aimba kakolasi ka ku Sande sukulu, kokhako ka Chichewa komwe amakatha mpaka kumapeto.

Madala aja tinawapeza atavala tayi, atakhala pampando moyang'ana khomo. Atationa anatibweza ndi dzanja. Anati woimba salowa chilowelowe, amaima panja n'kugogoda. Tinatuluka, ine n'kutseka chitseko, wamng'ono n'kugogoda. Anawo anayamba kuimba ndi timawu tonjenjemera, koma pofika pakati wamkulu uja, mwini manyazi, ndi amene ankatsogolera. Okalamba ena anasuzumira m'zipinda zawo, bwana naye ataima patali.

Chitseko anatsegula okha madala aja, ndi ndodo yawo, ulendo umene masiku onse unkafuna anthu awiri owagwira. Anawayankha anawo ndi nyimbo ya kwawo, ndipo ine misozi sindinaibise. Kenako anakoka dirowa ija. Mabisiketi ena anali atafewa, ena akununkha sopo. Ndinawatsinzinira ana anga, iwo n'kulandira ndi manja awiri monga ndinawaphunzitsira.

Kusukulu tinachedwa, ndipo ndinakapepesa ndekha kwa aphunzitsi.

Tsiku lotsatira madalawo anamaliza phala lonse. Pokonza m'chipinda ndinatsegula dirowa kuti ndiikemo masokosi ochapa, ndipo pakona panali bisiketi imodzi yatsopano, yokulungidwa bwinobwino m'katishu. Ndinaika masokosiwo pamwamba pake n'kutseka.