Mbali Yachiwiri ya Kaseti ya Dalitso

Linali Lachisanu loyamba la mwezi wa Julaye, nthawi ili 4 koloko m'bandakucha, pamene ndinadzuka pamkeka m'chigafa cha fodya momwe amuna tinagona. Moto unali utatsala makala okhaokha. M'nyumba ya siwa amayi ankaimbabe ndi mawu osasa. Tsiku limenelo tinkaika m'manda mng'ono wanga Dalitso, mphunzitsi wa pulayimale ku Bowe.

Panali lonjezo limene ndinali ndisanakwaniritse. Dalitso ali mnyamata anagula kaseti pamsika wa Mponela, chimbale cha azungu cha nyimbo zimene ankazitcha pulogiresivu metulo. Magitala ake amalira ngati chigayo, ng'oma zimasintha mayendedwe usanazolowere, ndipo nyimbo imodzi imatha mphindi khumi ndi ziwiri. Iye ankati chimbale chonsecho ndi nkhani imodzi, ya munthu womanga mlatho umene madzi amaukokolola chaka ndi chaka. Anachimvera zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi osatopa nacho. Ine ndinayesa katatu, ndipo katatu konse ndinazimitsa wailesi mbali yoyamba itangotha.

Sabata yake yomaliza m'chipatala anandigwira dzanja.

"Achimwene, inu mumalekera pamene mlatho wagwa. Mudzatembenuze kasetiyo."

Ndinavomera.

Kutayamba kuyera, adzukulu ananyamula makasu kupita kumanda. Amayi anasonkha moto kuseri kwa nkhokwe, utsi n'kusakanikirana ndi nkhungu imene inaphimba mapiri a ku Ntchisi. Kunkazizira kwambiri. Anthu anayamba kufika, ena panjinga, ena pakabaza, aphunzitsi anzake palole. Ana asukulu anafola m'mbali mwa msewu atavala yunifolomu, manja ali m'khwapa.

Cha m'ma 9 koloko mlongo wathu anandinong'oneza kuti alamu anga a Nabanda, mkazi wa malemu, aika zinthu zitatu m'bokosi: magalasi, choko ndi kaseti ija.

Ndinkaifuna kasetiyo. Kwathu kuno mbale wa mwamuna akapempha kanthu mtembo usanaikidwe, anthu amati wayamba kulanda chuma cha masiye. Abale a alamu anali atakhala paokha pansi pa mtengo wa mango, akutiyang'ana ngati anthu amene anazionapo zoterezi. Mphunzitsi wina anandiuza kuti masiku ano nyimbo zonse zimapezeka pafoni. Koma dzina la chimbalecho linafufutika kalekale pakasetipo, ndipo ine pa zaka zonsezi sindinalifunsepo.

Abusa analalikira mwachidule chifukwa cha mphepo. Kenako inakwana nthawi yoona nkhope. Ndinaima pamzere, ndipo nditafika pabokosi ndinaiona kasetiyo pachifuwa pake, pafupi ndi manja. Kalipentala anali ataima pakhomo, misomali ili m'dzanja.

Ndinagwada pamaso pa alamu.

"Alamu, pepani. Sindikufuna mbuzi kapena njinga. Ndikupempha kasetiyo."

Malume awo anadzuka. "Mwayamba kale, bambo? Munthu tisanamuike n'komwe?"

Amayi a chigwirizano analeka kuimba. Ndinamva manyazi amene sindinawamvepo chibadwire, koma sindinadzuke. Alamu anandiyang'ana n'kundifunsa.

"Mbali yachiwiri munaimva?"

"Ayi."

"Ankadandaula nazo."

Anaimirira, n'kuitenga okha m'bokosimo, n'kuimangirira pansonga ya chitenje chawo.

"Sichoka pakhomo pano. Mukaifuna mudzamverera pompano."

Malume aja anakhala pansi. Kalipentala analowa.

Ulendo wa kumanda unali wautali, wokwera chitunda. Kunayamba kuwaza kamvula ka chiperoni, ndipo onyamula bokosi ankalandirana pafupipafupi chifukwa njira inkaterera. Ana asukulu anaimba nyimbo imene Dalitso anawaphunzitsa, koma sanaimalize. Dothi linali lofiira ndi lolemera. Ndinaponya langa, ndinaika nkhata, ndipo ndinathokoza anthu m'malo mwa banja ndi mawu ochepa.

Madzulo pakhomo panali zii. Panatsala mafuwa akuda, mabenchi obwereka kutchalitchi, ndi nsapato za Dalitso pansi pa bedi. Palibe anatchula za kaseti.

M'mawa mwake ndinapeza alamu atatulutsa wailesi yakale pakhonde. Tepi inali itabwezedwa kale poyambira mbali yachiwiri. Anati ndi mmene mwini wake anaisiyira popita kuchipatala.

Tinakhala awiri. Phokoso lija linabwera monga ndinkalidziwira, kenako linaphwa, n'kutsala gitala imodzi ndi mawu a munthu mmodzi. Alamu, amene ankati nyimbozi zimawawawitsa mutu, ankang'ung'udza motsatira osaphonya paliponse. Pena anakweza chala.

"Apa ndiye ankati aliyense akhale chete."

Nyimbo yomaliza inabwerera ku kaimbidwe ka nyimbo yoyamba ija, koma modekha. Chingerezi chake sindinachimve chonse. Tepi itaima ndinafunsa ngati mlathowo unalimba pomaliza.

"Sanandiuzepo," anatero alamu. "Ankati ndidzafunse inu mukadzamva."

Ndinatulutsa kasetiyo, ndinaitembenuza, n'kuyambiranso poyamba.