Kupalasa Pouma ku Govan

Phuu! Phuu! Ndimakumbukabe phokoso la mimba zathu zikugwera pa matabwa m'holo ya tchalitchi ku Govan, kudziko la azungu komwe ndinapita kukachita maphunziro. Tinkaphunzira kukwera mafunde a nyanja yamchere, koma m'holomo munalibe madzi ngakhale a m'kapu.

Mphunzitsi wathu, mzungu watsitsi ngati khonje, anatigoneka chafufumimba pa matabwa aatali okwerera mafundewo. Tinkapalasa mpweya ndi manja, iye n'kukuwa kuti funde lafika, ife n'kudumpha kuimirira titapinda mawondo. Anzanga a kuyunivesite ankajambulana n'kumatumiza zithunzi kumudzi ngati agonjetsa nyanja.

Ine ndinali phee, kudikira funso limodzi: ndani amatha kusambira? Agogo amene anandilera makolo anga atamwalira sankandilola kuyandikira ngakhale chitsime, ndipo Loweruka tinkayenera kukalowa m'nyanja yeniyeni.

Funsolo silinabwere. Mnzanga wina anali atauza kale mphunzitsiyo kuti Amalawi tonse timabadwira m'madzi, chonsecho mnzangayonso ndi wa ku Mchinji ngati ine.

"Iwe wosalankhulawe ndiye katswiri, ndakuona," anatero mphunzitsiyo. Anandipatsa chovala chakuda cha labala cholowera m'nyanja, chonunkha thukuta la munthu wina, n'kutuluka akuimba mluzu.