Ulendo wa ku Mua ndi maso a Tadala

Lachinayi, 6 koloko m'mawa, mwana wanga Tadala anakanika kutsegula maso. Anali ndi masiku asanu. Zikope zinatupa, mafinya achikasu akutuluka, ukapukuta abweranso. Bambo ake anamwalira pa ngozi ya njinga yamoto mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri, ndipo mwanayu anabadwira kunyumba.

Apongozi anga anati, "Mkamireni mkaka wa m'mawere m'masomo. Ana onse timatero."

"Ndakamira kuyambira dzana, amayi," ndinatero, uku ndikumanga chitenje.

Wakabaza anandifikitsa pa Golomoti ndi K1,500. Kondakitala wa minibasi anati malo alipo, koma malowo linali thumba la mpunga wa ku Bwanje. Mayi wina woyandikana nane anavundukula mwana osapempha.

"Ili ndi tsempho. Alipo wayenda molakwika mwana asanatenthetsedwe."

Anthu anayang'ana mpango wanga wamaliro, kenako nkhope yanga. Ndinamufunditsanso mwanayo. Mtima unkawira.

Tinatsika pa mphambano ya ku Mua cha m'ma 9, ndi kukwera mtunda wapansi. Kuchipatala namwino atangoona masowo anatidumphitsa mzere.

"Mayi, ichi ndi chinzonono. Mwana watengera kwa inu pobadwa."

"Ine sindinayendepo ndi mwamuna wina."

"Sindinatero ayi. Amayi ambiri amakhala nacho osadziwa. Simunaonepo chikazi chachikasu, kuwawa pokodza, kapena kupweteka m'chinena?"

Ndinaonapo. Nditauza apongozi anati ndi za mimba. Pamenepo ndinakumbukira malemu akubuula kuchimbudzi, makapisozi ogula pagolosale m'thumba la jekete, ndi mizu imene amayi awo ankawawiritsira, ati ya msana. Onse awiri ankadziwa. Ine ankandisiya ndikuchapa zovala.

Tadala anamubaya jakisoni, n'kumutsuka maso kangapo. Inenso jakisoni ndi mapilitsi. Namwino anati tikanachedwa mwana akanachita khungu, ndipo makapisozi ongogula sathetsa nthendayi. Kenako anandipatsa kapepala.

"Aka n'ka bambo, abwere alandire mankhwala."

"Bambo ali kumanda."

Anapepesa, nafuna kukatenga. Ndinakapinda n'kukaika m'chitenje.

Tinagonekedwa masiku awiri. Loweruka Tadala anatsegula diso limodzi, kenako linalo, akutsinzinira kuwala.

Pobwerera ndinatsika pa Golomoti masana. Pamsikapo pali Nachisale, wogulitsa zitumbuwa, amene mudzi wonse unkadziwa kuti ankayenda ndi amuna anga. Pamaliro analira kuposa ine. Panjira ponse ndinkakonza mawu omutukwana, koma nditafika ndinaona kuti nayenso ali ndi mimba yaikulu.

"Mwabwera kudzandimenya?" anafunsa.

"Ndikanakonda. Yang'anani maso a mwanayu." Anayang'ana. "N'chinzonono cha malemu. Tengani kapepala aka, mupite ku Mua mawa. Mwamuna amene muli nayeyo mupite naye, muzigwiritsanso ntchito kondomu mpaka muchire nonse."

Anakalandira. Zitumbuwa zimene anandininkha ndinakana.

Kunyumba apongozi anati ndanyozetsa munthu wakufa pamsika. Ndinawauza kuti wakufayo sakufunanso maso, mdzukulu wawo ndiye akuwafuna. Mpaka lero timangopatsana moni.

Tadala akuona bwinobwino. Tsopano mwana akabadwa m'mudzi muno ndimapita kukamuona, ndipo ndimayamba ndi maso. Ndikapeza mafinya, ndimaitana ndekha wakabaza.