Telala Wosadula Nsalu

Pakhonde la sitolo ya zitsulo pamakhala telala wina amene anthu amamutchula kuti Mudzanenepa. Dzinali anadziputira yekha ndi pakamwa pake. Ukamupatsa nsalu amakuyeza bwinobwino, koma posoka sadula yotsalira m'mbali, amangoipindira m'kati. Ukadandaula kuti msoko wakula, iye amaseka: "Usiyeni, mudzanenepa." Ana asukulu, akwati, ngakhale nkhalamba yoti mano anatha kalekale, kwa iye onse adzanenepa. Bambo ake, amene anamuphunzitsa ntchitoyi, ankati chimene wadula sichibwerera, ndipo mwana anawagwira mawuwo ndi manja awiri.

Mkazi anamupezera pamakina pomwepo. Mtsikana anabwera ndi siketi yomukulira yoti amubwezere m'chiuno, anakangana za msoko, m'mawa mwake anabweranso kudzapitiriza mkanganowo, mapeto ake anakwatirana.

Banja lisanapite patali, mkaziyo anamva kachotupa m'bere. Kuchipatala anachotsa bere lonse, kenako dokotala anawakhazika pansi n'kuwauza mosabisa kuti inali khansa, ndipo inali itafika kale m'mafupa. Mankhwala akanangoichedwetsa. Anayamba madiripi, tsitsi linathothoka, chakudya chilichonse chinkamuchititsa nseru.

Kuyambira pamenepo telala anasowa pokhala. Kuchipatala benchi inkamuotcha, ankangozungulira m'khonde uku akuyeza anthu ndi maso. Kuntchito mutu sunkagwira. Anathyola masingano, anasoka thumba la buluku la mwini sitolo mpaka kulitseka, ndipo ankati akapalasa makina pang'ono, wadzuka kale kukasuzumira kumsewu, osadziwa chimene akuyang'ana. Anali ndi mantha, koma pakhomo ankalowa akuimba mluzu.

Tsiku lina anaona mkazi wake ataima pagalasi, atatsina diresi m'chiuno. Inali itangoti lendee, ngati yobwereka. Mkaziyo anangoisiya n'kukhala pabedi.

M'mawa telala anaanula diresi ija pachingwe, kuiponya m'chikwama, ulendo kuntchito. Anaibweza m'mbali monsemo, yotsalira n'kupindira m'kati, anaisita, madzulo n'kuibwezera m'sutikesi mwakachetechete.

"Taonani, ikukukwanani bwinobwino," anatero telala, mkazi wake ataivala. "Ndiye muziti mukuwonda?"

"Kaya," anayankha mkaziyo.

Atatha imeneyo anatenga ina, kenako ina. Thupi likatsika, iye ankabwezanso, osadula ngakhale kachidutswa. Kudula kunali kuvomera, ndipo telala sankafuna kuvomera. Nsalu yopindidwa ija inkangokulirakulira m'kati mpaka inalimba ngati chingwe.

Linafika tsiku la diripi. Mkazi anavala diresi yobiriwira imene ankaikonda. M'basi ankangosunthasuntha, dzanja lili m'khwapa. Telala anamufunsa ngati mafupa ayambanso, iye anapukusa mutu.

Nesi atamukweza mkono kuti aone chipsera cha opaleshoni, anakwinya nkhope. Pambali pake khungu linali litasupuka, pali psuu.

"Mayi, chikukukhulani apa n'chiyani?" Anagwira diresi, anaitembenuza m'mphepete. "Aa, msoko wonsewu? Telala wake ndani ameneyu?"

Telala anali chilili pakhomo, atanyamula chikwama cha mkazi wake. Analakalaka pansi patang'ambika.

"Ndi telala wabwino," anatero mkaziyo. "Kungoti samva."

Atafika kunyumba dzuwa lili pamutu, mkazi anagona pang'ono kudikira kuti nseru itsike. Telala anasesa m'nyumba mosesedwa kale, anatuluka, analowa, anatulukanso. Kenako anamva akuitanidwa.

"A Telala, tabwerani kuno."

Anamupeza atakhala pabedi, atafunda nsalu, diresi yobiriwira ili pamiyendo chotembenuza. Pambali pake panali sizasi yakale ya bambo ake a telalayo, imene inkasungidwa m'kabati.

"Ndinadziwa tsiku loyamba lomwe," anatero mkaziyo. "Msoko wanu ndingausowe ine?"

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndimaona kuti mukandinamiza mumapezako tulo. Ndinati asiyeni. Koma pano zikuwawa, amuna anga." Anamupatsa sizasi ija. "Dulani."

"Ndiimata ndi kansalu kofewa, simumvanso kanthu."

"Dulani."

"Nanga mukadza..."

"Ndikadzatani? Malizani." Mkaziyo anamuyang'anitsitsa, n'kupitiriza. "Dokotala tinamumva limodzi. Inu mukusungira malo mkazi wa chaka chamawa. Amene muli naye ndine, wa leroyu, ndipo ndikusupuka. Ndisokereni ineyo."

Telala anakhala pansi, koyamba chibwerereni kuchipatala. Anayala diresi pabondo. Mkazi wake anamugwirira mbali inayo kuti ikungike. Sizasi inalira kuchokera m'khwapa mpaka m'chiuno, kansalu kakatali n'kugwera pansi. Anatembenuza, anadulanso mbali ina. Misozi inkadonthera pansalupo, ndipo sanaibise.

Anapinda m'mphepete modulamo n'kusoka pamanja, pang'onopang'ono, kuti pasakhale pokhula. Mkazi anavala, anakweza mkono, anautsitsa, anapuma mpweya wautali.

"Apa ndiye mwasoka," anatero. "Bweretsaninso zinazo. Koma muyambe mwandithirira madzi akumwa."

Telala anadzuka. Asanatuluke anawerama, anatola tinsalu tiwiri tija, anatipinda bwinobwino n'kuika m'thumba la malaya. Mkazi wake anaona, koma anamuleka.