Kamoto ka Kumapazi

Galimoto ija adandipatsa ndi bambo anga maso awo atayamba kufooka. Adaigula ndi thukuta la kachewere, patapita zaka titabwerako ku Malawi komwe tidathawira nkhondo. Pondipatsa makiyi adandiuza chinthu chimodzi chokha: "Lamulungu lililonse uzindiperekeza ku Misa ku Fonte Boa, ndipo kamoto kaja kaziyaka." Kamoto ankanena chotenthetsera cha m'galimoto, chija chimauzira mpweya wofunda kumapazi. Miyendo yawo idalowa chisanu kalekale, moti m'mwezi wa Juni mawondo ankauma ngati nkhuni. Akangokhala pampando ankapotokola kabatani kofiira mpaka kumapeto, kenako n'kuvula nsapato.

Ine mtima wanga udali kwina. Anthu akakolola, anzanga a ku Ulongwe ankathamangitsa magalimoto akale pabwalo lina lafumbi, mpikisano womwe eni ake amati kolida. Ndidaonerera zaka ziwiri, chachitatu ndidati nanenso ndilowe. Galimoto ija ndidapita nayo kwa mmisiri wina wochokera mumzinda wa Tete, munthu wokulira kotentha, amene chisanu amangochimva m'nkhani.

Tidachotsa mpando wakumbuyo, wailesi ndi makapeti kuti ipepuke. Zonsezo sizidandipweteke. Vuto lidabwera poika zitsulo zoteteza woyendetsa galimoto ikagubuduka, chifukwa chitsulo chopingasa chinkayenera kudutsa pomwe padali bokosi la chotenthetsera.

"Chotsani chimenechi," adatero mmisiriyo. "Mukufuna kolida kapena mukufuna kuwotha?"

"Amesitiri, chimenechi n'cha ababa. Tipeze njira ina."

Ndidalimbana nacho masiku atatu. Ndidachisunthira kumanzere, chidagunda chiwongolero. Ndidachikweza, mapaipi ake adafupika. Wopanga galimoto ija ndikhulupirira adayamba wapachika bokosilo m'malere, kenako n'kumangira galimoto yonse mozungulira. Zala zidachekeka, khosi lidauma chifukwa chogona chagada miyendo ili panja, ndipo ndidatukwana mawu oti sindingawalembe pano. Tsiku lachitatu ndidapsa mtima n'kuzula bokosilo. M'kati mwake mudali kathanki kopyapyala kodutsamo madzi otentha a mu injini. Ndidakakankhira pansi pa nkhokwe kunyumba, ndikudzinamiza kuti mpikisano ukatha ndidzabwezeretsa. Kabatani kofiira ndidakasiya pamalo pake kuti pasaoneke bowo.

Padatsala mapaipi awiri ochokera ku injini ali kukamwa yasa. Mmisiri adati amafunika kuwalumikiza ndi paipi yokhota, ndipo abwera nayo kuchokera ku Tete sabata yotsatira. Mpikisano udali Loweruka lomwelo. Ndidazungulira msika wonse wa Ulongwe, paipi yokhota osaipeza. Ndiye ndidachita zomwe aliyense wa kwathu akadachita. Chigubu cha palafini timatseka ndi chitsononkho, botolo la mafuta chimodzimodzi, nanga paipi ili ndi chiyani? Ndidasankha zitsononkho ziwiri zonenepa, ndidazikhomera, n'kumanga ndi waya. Sipadadonthe ngakhale dontho, ndipo ndidadziona wanzeru.

Loweruka kudacha ndi chifunga, chija cha kuno choti ng'ombe umaimva kulira osaiona. Titangonyamuka, galasi lakutsogolo lidachita nthunzi m'kati. Dzanja lidathamangira pa kabatani kuti mpweya wotentha uumitse galasi, ndipo m'pamene ndidakumbukira kuti kumbuyo kwake kulibe kanthu. Ndidayendetsa ndi dzanja limodzi, lina likupukuta ndi chipewa. Ndikapukuta apa, apo payera. Anzanga ankandidutsa ndikungowamva.

Pozungulira kachiwiri kudamveka phuu! Chitsononkho chimodzi chidafwamphuka, madzi onse a mu injini n'kukhuthukira pansi. Ine, maso ali pagalasi, sindidaone kuti muvi wa kutentha wafika pofiira. Galimoto idakaima yokha m'munda wa nyemba wokololedwa, ikufuka. Munthu wina adatola chitsononkho chija, chitafewa ngati chophika, n'kuchikweza m'mwamba kuti onse aone. Adaseka mpaka ena kukhala pansi. Ndidafuna nthaka ing'ambike ndilowemo.

Kukonza injini kudatenga masabata atatu, ndipo masabata atatuwo bambo sadapite ku Misa. Ndidawauza kuti motolo wavuta, zomwe zidali zoona, koma zoona zoduka mchira. Injini italira ndidapita kunkhokwe kukatenga kathanki kaja. Ndidakapeza panja, nkhumba zitakafukula, ngolo itakaponda, kali phwatalala. Ndidafunafuna kena ku Ulongwe ndi kumalire osakapeza. Ku Tete wogulitsa zitsulo adandiyang'ana ngati wamisala: "Chotenthetsera? Kuno? Tangoimani panja, bwana, mutenthedwa ulele."

Lamulungu lotsatira kudazizira koopsa. Ndidaika bulangeti pampando, koma bambo adalikankhira pambali. Adalowa movutika, akupinda mwendo pa chitsulo chatsopano chija, adapotokola kabatani mpaka kumapeto, n'kuvula nsapato. Tidanyamuka. Ndinkayembekezera kuti afunsa, koma sadafunse. Mapazi awo adali pachitsulo chozizira popanda ngakhale kapeti, zala zitapindika. Ndidapirira mpaka pomwe nsanja ya tchalitchi idayamba kuoneka, kenako ndidalephera.

"Ababa, kamoto kaja kulibe. Ndidachotsa ine."

"Ndikudziwa," adayankha osandiyang'ana. "Ndidakaona pansi pa nkhokwe tsiku lomwe udakaika."

"Nanga mukupotokoleranji?"

"Dzanja lidazolowera."

Ndikadakonda akadandikalipira, mwina mtima ukadatsika. Titafika adawerama kuti avale nsapato, koma zala za m'manja zidakanika kumanga zingwe chifukwa cha chisanu. Ndidatsika, ndidazungulira, n'kugwada pafumbi kuwamangira, anthu akudutsa kulowa m'tchalitchi. Mapazi awo adali ozizira ngati mwala wa kumtsinje. Ali chiyang'anire pamutu panga adati, "Lamulungu lamawa usavutike. Ndidikira Ogasiti, kukayamba kufunda."