Malemba Odutsa Pakamwa pa Amayi

Dandaulo langa loyamba pa nkhani iyi ndinalipereka Lachisanu lomaliza la mwezi wa Okutobala, chaka chimene ndinali mu Giredi 6. Ndinalipereka pakamwa, ndikulira, m'kachipinda konunkha penti ndi thinala kuseri kwa msika wa m'komboni yathu ya George. Mpaka lero ndikadutsa pamene munthu akupenta geti, fungo lija limandibwezera momwemo. Ndimamvanso malata akuthetheka ndi dzuwa, ndimaona zitini za penti zosanjikizana, fumbi lofiira likulowera pansi pa chitseko, ndi kompyuta yotuwa ikung'ung'udza pakona.

Kachipindako kanali ka Ba Yusufu, mmisiri wolemba zikwangwani, amene makolo awo anachokera ku Malawi. Mayina ambiri a masaluni ndi magolosale kuyambira kwathu mpaka ku Lilanda anatuluka m'dzanja lawo. Kompyutayo inali yakale, anawapatsa ndi mphwawo wogwira ntchito m'tauni, pamodzi ndi pulinta ndi masidi angapo. Masiku amenewo anthu ankaima pakhomo kungoti aione. Ine anandidziwa chifukwa anandigwira ndikujambula minibasi ndi khala pakhoma lawo. Anandikoka khutu, nandiuza kuti matayala ndalakwitsa, kenako anandipatsa mpando.

Kunyumba tinali awiri, ine ndi Amayi. Bambo anali atachoka kalekale. Amayi ankagulitsa mtedza wokazinga pa siteshoni ya maminibasi, koma chaka chimenecho anadwala kuyambira nyengo yozizira, ndipo pofika nyengo yotentha beseni lawo linali litavundikiridwa pansi pa bedi. Masaya awo anaphwa. Mpango umene ankamanga kumutu unayamba kuoneka waukulu. M'nyumba munkanunkha mankhwala opaka ndi phala lozizira.

Lamulungu lina azakhali anga, Ba Esnati, anaitana munthu wa kamera amene ankayenda m'komboni. Amayi atamuona pakhomo anatembenukira kukhoma.

"Sinifuna," anatero. "Mufuna mwana wanga azinikumbukila so?"

Munthuyo atachoka anandikodola. "Iwe Lameki, si ndiwe ujambula pa vipupa va bantu? Unijambule mwamene n'nalili. Na masaya yanga."

Panalibe chithunzi chawo chilichonse m'nyumbamo. Ndinayamba ndi pensulo, koma ndinkafufuta mpaka pepala kubooka, ndipo pensulo inalibe mtundu wa khungu lawo. Ndinapita kwa Ba Yusufu. Iwo sankajambula nkhope za anthu chifukwa cha chipembedzo chawo; pa chikwangwani cha saluni ankangoika lumo ndi chipeso. Komabe sanandiletse. Anatenga sidi imodzi, naika m'kompyuta pulogalamu yojambulira. Munali maburashi osauma, mitundu yosatha, ndiponso njira yobwezera mzere wolakwika popanda kusiya chipsera.

"Koma iyi ndi yolawitsa chabe, mwanawe," anatero. "Monga amayi ako akamuthirira munthu mtedza m'manja kuti alawe. Usachedwe nayo."

Tikangoitsegula, pankabwera kabokosi kosonyeza masiku otsala. Tsiku lililonse nambala ija inkatsika.

Nyengo yonse yotentha imene ndimakumbukira ndi imeneyo. Ndikaweruka kusukulu ndinkathamangira kumeneko yunifomu ili m'thupi. Mausi inkakakamira ndi fumbi, ndipo Ba Yusufu ankaitsegula ndi kuipala ndi chikhadabo. Magetsi akazima tinkakhala panja pamthunzi wa khoma, iwo akutsuka maburashi, ine ndikudandaula mumtima kuti nambala ija ikutsikabe ngakhale galasi la kompyuta lili lakuda. Ndikafika kunyumba ndinkakhala pamphepete pa bedi ndi kuyang'anitsitsa Amayi, kufunafuna nkhope yakale pansi pa nkhope yatsopano. Iwo ankadziwa chimene ndinkachita. Nthawi zina ankatupitsa masaya dala kuti ndiseke.

Maso sanandivute. Mpango ndinaupatsa mtundu wachikasu umene ankaukonda. Chimene chinandidyera masiku ndi pakamwa. Amayi anali ndi kampata pakati pa mano akutsogolo, ndipo asanaseke mlomo wawo unkayamba wakhotera mbali imodzi, ngati akumuchenjeza munthu kuti chikubwera. Ndinajambula ndi kubweza, kujambula ndi kubweza. Tsiku lina ndinamva Ba Yusufu asiya kupala thabwa kumbuyo kwanga. Anasendera pafupi ndi galasi.

"Eya," anatero motsitsa mawu. "Amake Lameki ndi amenewa."

Limenelo linali Lachisanu lija. Anaika pepala lolimba limene ankasungira makasitomala olemekezeka. Pulinta inayamba kulira, pepala likutuluka pang'onopang'ono. Unatuluka mpango, chinatuluka chipumi, anatuluka maso akundiyang'ana, inatuluka mphuno. Kenako panatuluka zilembo zikuluzikulu zakuda, kuchokera tsaya ili kufika tsaya ilo: dzina la pulogalamuyo ndi mawu a Chingerezi onena kuti sinagulidwe. Zinadutsa pakamwa penipeni. Pagalasi sizinkaoneka, ndipo palibe chimene chinatichenjeza m'njira yoti tingamve.

"Ba Yusufu, ni ndani walemba pali Amayi?"

Limenelo ndilo linali dandaulo langa loyamba. Anandiyankha kuti eni pulogalamuyo ali kutsidya kwa nyanja, ndipo amafuna munthu aigule ndi khadi la kubanki la mtundu umene panalibe aliyense womudziwa amene anali nalo. Anandipukuta misozi ndi nsanza yonunkha thinala, nati mawa tikweza nkhope m'mwamba kuti malembawo agwere pachifuwa. Inki inali itatsala pang'ono, koma ikanakwanira.

Mawa lake pulogalamu inakana kutseguka. Masiku olawa anali atatha. Mphwawo wa m'tauni uja anatumiza uthenga kuti yankho ndi losavuta: kungobweza kalendala ya m'kompyuta m'mbuyo. Ndinaona ndi maso anga Ba Yusufu akubweza mwezi, Okutobala n'kukhala Seputembala. Sindinkadziwa kuti pali malo amene munthu angabweze masiku. Koma pulogalamuyo inazindikira. Inatulutsa kabokosi kena, ndipo kuyambira pamenepo sinalolenso chilichonse, ngakhale titaichotsa ndi kuiikanso. Chithunzi chinali m'katimo, chopanda banga, koma chinkatseguka ndi pulogalamu imeneyo yokha.

Ba Yusufu anayang'ana pepala lija nthawi yaitali. Kenako anatenga kaburashi kawo kakang'ono kwambiri, nasakaniza penti yofiirira pachivindikiro cha chitini. Anati kufufuta zilembo ndi ntchito ya zilembo, si kujambula nkhope. Atangokhudza chilembo choyamba, inki inasungunuka ndipo pepala linakwinyika. Anachotsa dzanja msanga. Kadontho kawo kakadalipo pa tsaya lamanzere.

Ndinapita nalo pepala kunyumba momwemo. Amayi analitenga ndi manja awiri, nalilozetsa kukuwala kwa pakhomo. Sankadziwa kuwerenga Chingerezi, ndipo sanafunse kuti mawuwo akuti chiyani.

"Masaya wanipasa, zikomo," anatero. "Manje ni ndani wanitseka pakamwa? Atate ako ndiye bakutuma?"

Mlomo unakhotera mbali, anaseka, kenako chifuwa chinawagwira mpaka ndinathamangira madzi. Atapuma anandiuza kuti ndilikhome pakhoma moyang'anizana ndi bedi. Linakhala pamenepo, fumbi likulikuta, mpaka mvula yoyamba. Amayi anamwalira sabata imene nthaka inayamba kununkha chinyezi. Kompyuta ya Ba Yusufu inapsa ndi mphenzi dzinja lomwelo, ndipo mwana wina wa pamsika anaiphwasula kufuna mawaya.

Maliro atatha achibale anagawana katundu monga mwa mwambo. Bedi, mbaula, zitenje, beseni la mtedza, chilichonse chinapeza mwini. Amalume anga anazula pepala lija pakhoma, naliyang'ana, nati, "Ichi chinaonongeka." Anandiponyera pamwendo. Ndikudziwa bwino kuti chikanakhala choyera chikanapita ku Chipata m'chikwama cha wachibale wina. Zimenezo ndazilingalira kambirimbiri, ndipo sizinandichititse kuthokoza aliyense.

Tsopano imvi zayamba, ndipo anzanga a kuntchito amandiseka kuti sinditaya ngakhale tikiti ya basi. N'zoona. Chikuto cha sidi ija ndili nacho. Makope a makalata amene ndinalembera eni pulogalamuyo nditangodziwa kulemba kalata ali m'faelo imodzi, pamodzi ndi envelopu imene inabwerera yosatsegulidwa. Ndinamva kuti kampaniyo inagulidwa ndi ina, ndipo inayo ndinailemberanso. Anyamata a pa shopu ina ku Matero anandiuza kuti masiku ano foni imachotsa malemba otere m'kanthawi kochepa. Ndinawalola. Anandipatsa mayi wokongola wa mano ofanana ndi milomo yowongoka, mayi amene sindinamuonepo. Ndinawathokoza, ndipo pepala lawolo ndinalisunganso, koma m'faelo ina.

Vuto langa ndi ili. Maso a Amayi ndimawadziwa chifukwa ndimawaona. Pakamwa pawo ndikudziwa kuti panali kampata ndiponso kuti mlomo unkakhota, koma ndi mawu chabe amene ndimadziuza. Ndikatsinzina kuti ndipaone, ndimaona zilembo. Sindikukumbukiranso kuti unkakhotera mbali iti.

Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti kutsidya kuja kuli munthu amene anaona chithunzi changa, nasankha dala polemba. Ndinkadana naye kwambiri. Lero ndikudziwa kuti panalibe amene anaona. Munthu wina anangoganiza kuti pakati pa pepala ndi pamene pangawawe kwambiri, napita kunyumba kwake. Sinditsutsa kuti wogwira ntchito alandire zake. Amayi nawonso sankalawitsa beseni lonse. Koma mtedza wochepa umene ankamuthirira munthu m'manja sankauthira mchenga.

Choncho ine, Lameki wa ku George, ndikupempha mwaulemu aliyense amene analowa m'malo mwa eni pulogalamu ija kuti andiyankhe molemba. Sindikufuna chipukuta misozi, ndipo chithunzicho ndikudziwa kuti sichingabwerere. Ndikufuna ndiuzidwe ngati amene anasankha malo a malembawo ankadziwa kuti pa chithunzi cha munthu, pamenepo pamakhala pakamwa. Yankho lidzandipeza. Malo ake m'faelo ndinawasiya kale.